Mutu 7: Shamima Abwereka Mapepala

1. Fulemu ya pakhoma

Pakhonde la sitolo ina yogulitsa nsalu, pafupi ndi msika wa pa Boma la Mangochi, pankalira makina osokera awiri. Ena adali a Shamima, enawo a Hidaya. Atsikana awiriwa adali ana a munthu ndi mng'ono wake, ndipo wamkulu adali Shamima.

Onse adaphunzira utelala kwa mayi awo aakulu, mayi Mwanabibi, amene tsopano maso adali atayamba kuwavuta. Mayiwa adasiya kusoka koma sadasiye kulamula. Ankabwera m'mawa uliwonse n'kukhala pabenchi pakati pa makina awiriwo, ndipo chovala chilichonse chinkadutsa m'manja mwawo chisanapite kwa mwiniwake.

Pa nkhani ya luso, tisanamizane, Shamima adali patsogolo. Kolala yosoka iye inkakhala pakhosi ngati idamera pomwepo. Akwati a kwa Mponda, ngakhale a ku Namiasi, ankalolera kudikira kuti diresi la nikaha, ukwati wa Chisilamu, asoke ndi iyeyo. Hidaya ankasoka bwino ndithu, koma pang'onopang'ono, akuyeza kawiri asanadule.

Mayi Mwanabibi adali ndi mwambo wawo. Aliyense womaliza kuphunzira kwa iwo ankapatsidwa chizindikiro choti azisokerera ndi dzanja kunsi kwa kolala, pamalo posaoneka. Hidaya adapatsidwa katsamba kobiriwira. Shamima adapatsidwa kausipa ka ulusi wofiira.

"Telala wopanda chizindikiro amaikana ntchito yake ikang'ambika," ankatero mayiwo.

Zinthu zidayenda bwino mpaka tsiku limene Hidaya adafika ndi fulemu m'khwapa. M'fulemumo mudali mapepala awiri. Lina lidali satifiketi yosonyeza kuti bizinesi yake idalembetsedwa m'kaundula wa boma. Linalo lidali la nambala ya msonkho, imene anthu amangoti TPIN. Hidaya adakhoma msomali pamwamba pa makina ake n'kuipachika.

Shamima adaseka mpaka kugwira nthiti.

"Iwe Hidaya, wagula chithunzi chopanda nkhope? Kodi pepala limasoka? Wadzipereka wekha kwa anthu a msonkho ngati nkhuku yothamangira mpeni. Ine thukuta langa ndimadya ndekha."

"Chemwali, zinthu zasintha," adayankha Hidaya akulowetsa ulusi pasingano. "Ntchito zikuluzikulu masiku ano zikumafuna zimenezi."

"Ntchito zikuluzikulu zimafuna manja," adatero Shamima, akukweza manja ake kuti msika wonse uwaone.

Komatu kuyambira tsiku limenelo fulemu ija idamulowa m'diso. Makasitomala akafika ankaima n'kuwerenga, ena n'kugwedeza mutu amvekere, "Eee, uyu ndiye ndi wa kampani." Mawu amenewa ankamubaya Shamima mumtima. Nsanje idamugwira, ndipo sadaiuze munthu. Adangoyamba kupalasa makina mwaukali, singano n'kumathyoka popanda chifukwa.

2. Mlendo wa ku Nkope

Lolemba lina m'mawa galimoto yoyera idaima kutsogolo kwa sitolo. Mudatuluka mayi wa magalasi amene adati dzina lake ndi Elsie. Iye ndiye ankayang'anira zogulagula pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja ku Nkope.

"Ndikufuna telala wina dzina lake Shamima," adatero mayi Elsie atapereka moni. "Mtsikana wina wa kuntchito kwathu anavala diresi limene linandisowetsa mtendere. Nditamufunsa anandilozera kuno."

Shamima adadzuka, mtima ukuvina. Adaponya diso kwa Hidaya kuti aone ngati wamva bwinobwino.

Mayi Elsie adafotokoza kuti loji ikufuna mayunifolomu atsopano a antchito onse, kuyambira ophika, operekera zakudya, okonza m'zipinda mpaka alonda. Idali ntchito yoti telala sangaimalize mwezi umodzi, ndipo wogwira bwino ankayembekezeka kuipatsidwanso chaka chamawa.

"Mutibweretsere koteshoni, ndiye kuti pepala la mitengo yanu, ndi shati imodzi ya sampulo," adapitiriza. "Muphatikizepo satifiketi ya bizinesi, TPIN, ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi yanuyo. Tikulandira mpaka kutha kwa mwezi uno."

Kumwetulira kwa Shamima kudazilala.

"Mapepalawo ndi ofunikira kwenikweni, mayi? Paja inu chakubweretsani ndi diresi."

"Diresi landibweretsadi, koma silingandiloleze kukulipirani," adayankha mayi Elsie mosapsa mtima. "Ife sitilipira munthu m'manja. Tikamalipira timadulako msonkho n'kukapereka ku boma, ndipo pamenepo pamafunika nambala ya munthu amene tamulipirayo. Popanda nambala imeneyo, akabwera oyendera mabuku athu, ine ntchito yandithera."

Akutembenuka kuti azipita, maso ake adagwera pa fulemu ija. Adayandikira, adakonza magalasi, n'kuwerenga mzere uliwonse.

"Kodi izi ndi zanu?" mayi Elsie adamufunsa Hidaya. "Ndiye inunso bweretsani koteshoni. Lamulo lathu limafuna kuti tiyerekeze mitengo ya anthu angapo."

Galimoto idanyamuka. Mlendo amene adabwera ndi dzina la Shamima pakamwa adachoka ndi nambala ya foni ya Hidaya m'chikwama.

Hidaya adasendeza mpando wake kufupi ndi mkulu wake.

"Chemwali, mwezi ukadalipo. Mawa tipite limodzi, mutenge chiphaso chanu cha unzika. Dzina la bizinesi timalembetsa pa intaneti, n'kulipira kandalama kolembetsera. Satifiketi ikatuluka timapita nayo ku ofesi ya msonkho, ndipo TPIN salipiritsa. Tikachoka kumeneko ndiye ku banki. Musade nkhawa, njira yonse ndikuidziwa."

Akadakhala kuti Hidaya adasiya mawu omalizawo, mwina nkhaniyi bwenzi itathera pomwepa. Koma Shamima adawamva ngati chitonzo.

"Iwe undigwire dzanja ine? Ine amene ndinakuonetsa kuika bobini? Wandilanda kasitomala dzuwa likuswa mtengo, ndiye ukufunanso undiyendetse m'tauni ngati mbuzi ya pachingwe kuti anthu aone?"

Hidaya adabweza mpando wake, misozi ikulengeza m'maso.

3. Chenjezo la mayi Mwanabibi

Zonsezi zinkachitika mayi Mwanabibi ali pabenchi pawo. Adadikira mpaka Hidaya atapita mumsika kukagula mabatani.

"Shamima, imika makinawo ndikulankhule," adatero. "Ine maso akufa koma makutu ali moyo. Makina ako masiku ano sakulira ngati a munthu wosoka. Akulira ngati a munthu wolalata.

"Ukuti ukuopa msonkho. Chabwino, ndani sauopa? Ngakhale ine ndikamva dzinalo m'mimba mumatentha. Koma msewu umene makasitomala ako amadzera, mlatho umene umawolokera, mankhwala amene unalandira muja unadwala malungo, ukuganiza zinagwa ndi mvula? Ndiponso anthu aja amaona kukula kwa bizinesi, wamng'ono sasenza mtolo wa wamkulu. Mng'ono wako anapita kukafunsa ndipo anamufotokozera. Iwe sunafunse, wangotola nkhani za m'maluwa.

"Komatu ine ndinakulera, ndikukudziwa. Chimene chakukhala pakhosi si msonkho ayi. Chakukhala pakhosi ndi Hidaya. Unazolowera kuti iwe patsogolo, iye pambuyo, ndiye lero wakupitirira phazi limodzi waona ngati dziko latha. Kodi kufunsa njira kwa mng'ono wako kukuchotsa ukulu? Luso Mulungu anakupatsa, palibe angakulande. Koma luso lopanda dzina lolembedwa limangolemeretsa ena.

"Ndipo ndikutsine khutu. M'tauni muno muli anthu oyenda ndi makampani m'zikwama. Alibe makina, alibe macheka, alibe khomo, ali ndi mapepala okha basi. Mmisiri wopanda mapepala amamununkhiza ngati mphaka pa thandala la usipa. Ku Makanjira kudali kalipentala wina wa dzanja lodalitsika. Adakhoma madesiki a sukulu yonse pa mapepala a munthu wina. Madesikiwo alipo mpaka lero, ana akukhalira. Koma kafunse kuti adakhoma ndani, akakuuza dzina la munthu amene sadagwirepo hamala chibadwire. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, mwana wanga. Pita ndi mng'ono wako ukatenge lako."

"Ndamva, amayi," adatero Shamima, maso ali pansi.

Adamvadi. Koma zomvetsa chisoni n'zakuti pa chenjezo lonse lija iye adatolapo chinthu chimodzi chokha, chakuti m'tauni muli anthu obwereketsa mapepala.

Hidaya sadali wosunga mangawa. Patapita masiku adabwera ndi kapepala ndi pensulo, n'kuwerama pafupi ndi khutu la mkulu wake kuti odutsa asamve.

"Chemwali, nsalu mumaidziwa ndinu. Mtengo umene ndikufuna kulemba pa koteshoni ndi uwu. Sindinauze wina aliyense, ngakhale amayi. Kodi ndakweza kwambiri?"

Shamima adayang'ana kapepalako ngati alibe nako ntchito.

"Uli bwino," adatero.

Hidaya adathokoza n'kubwerera pa makina ake. Mtengo uja udatsala m'mutu mwa Shamima.

4. Kampani ya m'chikwama

Munthu wofuna njira yachidule sasowa womulozera. Shamima adangofunsa anthu awiri, wachitatu adamutumiza ku kanyumba kogulitsira tiyi kufupi ndi depoti ya maminibasi. Kumeneko ndiko kudali ofesi ya a Fanwell, ngati tingaitche ofesi.

A Fanwell adali bambo wa nsapato zonyezimira ndi mawu okoma. Adagwirapo ntchito ya ukalaliki kwinakwake, ndipo adachokako ndi nzeru imodzi, yodziwa mapepala amene maofesi amafuna. Kampani yawo inkagulitsa chilichonse, kuyambira njerwa mpaka choko, koma yonse inkakwana m'chikwama chakuda chimene sankachisiya pansi.

Adamvetsera nkhani ya Shamima akutakasa tiyi.

"Aaa, chemwali, nkhani yaing'ono imeneyo," adatero. "Inu muli ndi manja, ine ndili ndi mapepala. Mutu umodzi susenza denga. Inu sokani sampulo, ine ndilemba koteshoni pa dzina la kampani yanga. Tikawina, ntchito yonse ndi yanu. Ine mudzangondiganizira ya sopo."

"Ndiye mayi Elsie adzadziwa kuti wasoka ndine?"

"Pambuyo pake, chemwali, pambuyo pake. Pakadali pano tsekani pakamwa, ndipo pa shatipo musaikepo dzina."

Shamima, amene ankaseka mapepala, sadapemphe ngakhale kapepala kosainirana. Adangogwedeza mutu.

"Chatsala n'chimodzi," adatero a Fanwell akutsitsa mawu. "Mpikisano uwu amawina ndi mtengo. Kodi pali wina amene mukumudziwa kuti wapereka koteshoni?"

"Alipo. Mng'ono wanga."

"Eya! Ndiye walemba zingati?"

Panja makondakitala ankaitanira anthu a ku Monkey Bay ndi a ku Liwonde. Ku mzikiti azana yoitanira mapemphero a masana idayamba kumveka. Imeneyi idali nthawi yabwino yodzuka n'kumapita, ndipo phazi limodzi la Shamima lidali litaloza kale kukhomo.

"Mwina mukumumvera chisoni," adatero a Fanwell akupukuta pakamwa. "Palibe kanthu, musiyeni awine. Paja ndamva kuti pakhonde panu wa kampani ndi iyeyo."

Mawu aja adagwera pabala penipeni. Shamima adabweza phazi lake, adawerama, n'kutchula mtengo wa Hidaya. A Fanwell adaulemba mufoni mwawo akumwetulira.

"Ife titsikako pang'ono pokha," adatero.

Mawa lake Shamima adatumiza uthenga kukhonde kuti mutu ukumupweteka. Adadzitsekera m'nyumba ndi kamakina kakale ka mayi ake, kopukusa ndi dzanja. Ndipo kunena zoona, shati imene adasoka tsiku limenelo idali yoposa zonse zimene adasokapo. Mzere uliwonse udawongoka, thumba lidakhala pamalo pake, kolala idaima bwinobwino.

Atamaliza kusita adaiyang'ana nthawi yaitali. Shati yokongola chonchi ipite yopanda mwini? Zidamukanika. A Fanwell adaletsa dzina, koma za nsomba sadanene. Adatenga singano ndi ulusi wofiira, adatembenuza kolala, n'kusokererapo kausipa kake.

"Tsiku lina mayi Elsie adzatembenuza kolala iyi," adadziuza, "ndipo adzadziwa kuti telala ndani m'Mangochi muno."

5. Yankho la ku loji

Mwezi watsopano utangoyamba, foni ya Hidaya idalira. Adali mayi Elsie. Hidaya adamvetsera, adati "Zikomo, ndamva," n'kuika foni pa makina pang'onopang'ono.

"Ntchito ija yapita kwina," Hidaya adawauza mayi Mwanabibi. "Akuti pali kampani ina imene sampulo yake inali yabwino zedi. Ndipo mtengo wake unatsikirako pang'ono pokha kusiyana ndi wanga."

Shamima adaweramira pa nsalu kuti nkhope yake isaoneke. M'kati ankalulutira. Fulemu ija, ndi galasi lake lonyezimiralo, yagonja kwa manja! Adayamba kung'ung'udza kanyimbo, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kenaka Hidaya adatembenukira kwa iye.

"Pepani, chemwali."

"Ukupepesa chiyani?"

"Sindinakuuzeni chifukwa munali mutakwiya. Ntchito ija ine ndekha sindikanaitha. Ndinapangana ndi amayi kuti ikatheka, mashati onse akhale anu, ine ndisoke masiketi ndi maapuloni. Popereka katundu ndikanapita nanu kwa mayi Elsie kuti aone mwini wake wa makolala. Ndimati pofika chaka chamawa mudzakhale mutatenga mapepala anu, ntchitoyo idzakhale ya pa dzina lanu, poti paja anabwerera inu. Koma basi, sinali rizki yathu, Mulungu sanatilembere."

Mayi Mwanabibi adavomereza ndi mutu.

Kanyimbo kaja kadafera pakhosi. Singano idamulasa Shamima pachala, magazi n'kudonthera pa nsalu ya kasitomala. Manyazi adamugwira, koma nsanje sichoka tsiku limodzi. Idamunong'oneza kuti bola ntchito yonse kusiyana ndi theka lopatsidwa ndi mng'ono wako. Adadzuka nati akukagula zipi, n'kuthamangira ku depoti.

A Fanwell adawapeza akudya tchipisi ndi chambo chokazinga. Sadamupatse mpando. Adamusiya chiimire mpaka atamaliza kutsopa mutu wa nsomba.

"Wamva eti? Ndawina," adatero akusamba m'manja. Ulemu uja wa "chemwali" udali utatha ngati sopo wa pamtsinje. "Nsalu ndagula kale. Iwe uzisoka, ndizikulipira pa chovala chilichonse."

Adatchula mtengo woti ngakhale wosoka zigamba pamsika akadaukana.

"A Fanwell, si zimene tinagwirizana! Munati ntchito yonse ndi yanga, inu ya sopo yokha!"

"Tinagwirizana pati? Ndionetse." Adasisita chikwama chawo chakuda. "Pangano lili umu. Dzina ndi la kampani yanga, TPIN ndi yanga, akaunti ndi yanga. Msonkho adula pa dzina langa. Iwe ku loji kuja ndiwe ndani? Boma likukudziwa kuti ndiwe telala?"

"Ndikawauza mayi Elsie kuti shati ija ndinasoka ndine!"

"Kawauze. Minibasi ndi izo. Ukawauzenso kumene tinaupeza mtengo wa mng'ono wako."

Shamima adayang'ana maminibasi aja, koma sadapiteko.

"Kaganize, undiyankhe pofika mawa m'mawa," adatero a Fanwell akutokosa m'mano. "Matelala ndi ambiri m'Mangochi. Pakhonde panu pomwepo pali wina, ndipo ndamva kuti panopa alibe ntchito."

Shamima adabwerera kukhonde wopanda zipi. Palibe adamufunsa. Tsiku lonselo adasoka mzere umodzi n'kuuphwasula, kuusokanso n'kuuphwasulanso. Kuvomera kudali kusanduka waganyu pa ntchito imene idabwera ndi dzina lake. Kukana kudali kuitaya. Ndipo kuulula kwa mayi Mwanabibi kunkamuopsa kuposa zonsezo, choncho sadachite chilichonse.

6. Kunsi kwa kolala

M'mawa mwake, atsikana aja atangomaliza kutulutsa makina m'sitolo, kabaza idaima pakhonde itasenza mipukutu ya nsalu yoyera ndi yabuluu. Pambuyo pake padafika kabaza ina, ndipo padatsika a Fanwell, chikwama chakuda chili m'khwapa.

A Fanwell adamudutsa Shamima ngati sadamuonepo chibadwire. Adapereka moni waulemu kwa mayi Mwanabibi, kenaka adaima patsogolo pa makina a Hidaya n'kuyang'ana fulemu ija.

"Eya, ndafika pa anthu odziwa zinthu," adatero mokweza. "Chemwali, ine ndili ndi kampani, ndipo ndawina ntchito ya mayunifolomu ku loji ina ku Nkope. Telala amene ndinkamudalira wayamba matama. Ndiye ndati ndibwere kwa inu. Nsalu ndi iyo, mukhoza kuyamba lero lomwe."

"Ndinu amene munawina ntchito ija?" adafunsa Hidaya modabwa.

"Ndine amene. Ndipo sampulo nayi, andibwezera kuti osoka azionera. Zonse zikhale ngati imeneyi."

Adatsegula chikwama, adatulutsa shati yopindidwa bwino, n'kuiika pa makina a Hidaya. Pochita zimenezi adaponya diso kwa Shamima, kudikira kuti agonje, adzuke n'kunena kuti asoka yekha pa mtengo uja. A Fanwell ankadziwa mapepala, koma mwambo wa pakhonde limeneli sankaudziwa.

Shamima adafuna kudzuka kuti akaikwatule shatiyo, koma adachedwa. Hidaya adali ataitambasula kale.

"Koma ndiye dzanja," adatero Hidaya motsitsa, akutsatira mzere wa ulusi ndi chala. "Mpake kuti ndinagonja."

Ndipo adachita zimene aliyense wophunzira kwa mayi Mwanabibi amachita akagwira chovala chachilendo. Adaiyang'ana kuseri. Adatembenuza mkono, adatembenuza thumba, kenaka adatembenuza kolala.

Chala chake chidaima.

Sadakuwe, sadalire. Adangodzuka n'kukaika kolala ija m'manja mwa mayi Mwanabibi. Mayiwo sadavutike n'kuyandikiza kumaso. Adangoyendetsa chala chachikulu pa ulusiwo, kuyambira kumutu kwa kansombako mpaka kumchira.

"Kausipa aka ndinapatsa munthu mmodzi yekha," adatero.

A Fanwell adaona kuti mphepo yasintha. Adatambasula dzanja kuti atenge shati yawo, koma mayi Mwanabibi adaikhalira.

"Che Fanwell, khalani pabenchipa. Nsalu zanuzo zisatsike pa njinga, ndipo inu simuchoka mpaka nkhaniyi ndiimve mutu wake."

Anthu odutsa adayamba kuima. Mwini sitolo adasuzumira pakhomo. Shamima adagwira gudumu la makina ake ndi manja onse awiri.

Hidaya adayenda pang'onopang'ono mpaka adaima patsogolo pa mkulu wake. Misozi inkatsika, koma mawu ake sadagwedezeke.

"Kusoka sampulo sindikukudandaulani, chemwali. Ntchito ija inabwerera inu. Koma mayi Elsie anati mtengo wa kampaniyi unatsikirako pang'ono pokha kusiyana ndi wanga. Mtengo uja ndinauza inu nokha. Unafika bwanji m'chikwama cha bambo awa?"

Khonde lonse lidatembenukira kwa Shamima, kudikira yankho lake.